Mlendo kwa Eni: Kucheza ndi Kugona ku Haridwar ndi Rishikesh

Kumpoto kwa dziko la India, pamene mtsinje wa Ganga umatulukira m'mapiri a Himalaya n'kuyamba kuyenda m'chigwa, kuli mizinda iwiri yoyandikana, Haridwar ndi Rishikesh. M'madera opatulika a mizinda imeneyi lamulo sililola kugulitsa nyama, nsomba kapena mowa. Amalonda ena a ku Rishikesh atadandaula kuti mazira okha awalole, nkhaniyo inafika mpaka kubwalo lalikulu la milandu la dzikolo, ndipo mu 2004 oweruza anagamula kuti chiletsocho chikhalebe.

Banja la Chiadiventisiti likamva zimenezi likhoza kunena kuti, kumeneko ndiye kwathu. Ndi zoona kuti mayi amene amavutika kupezera ana chakudya choyenera pa ulendo sangavutike kumeneko. Koma nyama ndi mowa zinaletsedwa chifukwa Ahindu amatenga mizindayi ngati yopatulika, ndipo mtsinje umene umadutsamo amaupembedza monga mayi ndi mulungu wamkazi. Chakudya, malo ogona, moni ndi mphatso, zonse zimayendera limodzi ndi chipembedzo. Mlendo wosunga Sabata ayenera kudziwiratu asananyamuke kuti ulemu wa kwa eni ukuthera pati, ndipo kupembedza kukuyambira pati.

Nkhaniyi si ya anthu okaona malo okha. Abale athu ambiri amapita ku India kukalandira chithandizo chakuchipatala kapena kukadikirira wodwala, ena kusukulu, ena kukapikula katundu. Amene afikira ku Delhi amapeza kuti Haridwar ali pa mtunda wa makilomita opitirira pang'ono 200, ulendo wa maola anayi kapena asanu pa sitima yothamanga. Tsiku lina mnzanu wa kusukulu kapena wa pamalonda adzakuuzani mokoma mtima kuti tiyeni mukaone Ganga. Mudzayankha bwanji, ndipo mukavomera mudzakakhala bwanji?

Mizinda iwiri, mtsinje umodzi

Mizinda yonseyi ili m'chigawo cha Uttarakhand, chimene chinapatulidwa ku Uttar Pradesh m'chaka cha 2000. Rishikesh ali kumtunda, Haridwar kumunsi, ndipo pakati pawo pali makilomita pafupifupi 25 ndi nkhalango ya Rajaji, mmene mumakhala njovu. Anthu amayenda pakati pa mizindayi pa basi, pa takisi kapena pa tigalimoto ta matayala atatu timene eni ake amati vikram.

Dzina lakuti Haridwar limatanthauza chipata cha Hari, amene ndi Vishnu, mmodzi wa milungu yaikulu ya Ahindu. Kuno kumabwera mabanja athunthu, agogo, makolo ndi makanda, ambiri a iwo anthu wamba ochokera m'midzi. Mtima wa mzindawu ndi doko la masitepe lotchedwa Har ki Pauri. Pamenepa anthu amamira m'madzi pokhulupirira kuti akutsuka machimo, amameta ana tsitsi loyamba, ndipo ofedwa amathira m'mtsinje phulusa la abale awo amene anawotchedwa. Madzi odutsa padokoli amapitirira n'kulowa m'ngalande yaikulu yothirira minda imene inatsegulidwa mu 1854.

Ku Haridwar kulinso ansembe otchedwa panda, amene amasunga mabuku aatali olembedwa pamanja. Banja likabwera kudzathira phulusa, limafunafuna wansembe wa mtundu wawo, iye n'kutsegula buku ndi kuwerenga mayina a makolo amene anabwerako zaka mazana apitawo. Akatero amalembamo amene abadwa, amene akwatira ndi amene amwalira. Munthu amatha kuona dzanja la agogo a agogo ake. Mlendo akadziwa zimenezi amayamba kuliona mwina khamu la padoko lija: ambiri mwa anthuwo ndi anamfedwa.

Rishikesh ndi wocheperako, wopanikizika pakati pa mapiri. Kuli nyumba zambiri za aphunzitsi a chipembedzo zotchedwa ashram, masukulu a yoga ndi milatho yolenjekeka. Mlatho wakale wa Lakshman Jhula unatsekedwa mu 2019 chifukwa chokalamba, koma wa Ram Jhula, womangidwa mu 1986, ndi umene ambiri amaudziwa lero. Azungu anayamba kukhamukira kuno makamaka kuchokera mu 1968, pamene oimba a gulu la Beatles anadzakhala pa ashram ya Maharishi Mahesh Yogi. N'chifukwa chake ku Rishikesh Chingerezi chimamveka paliponse ndipo malo ogona alendo akunja ndi osasowa.

Sankhani nyengo musanagule tikiti

Safunsa anadya phula. M'mizinda iyi kulakwitsa mwezi kukhoza kuika moyo pachiswe. M'miyezi ya Meyi ndi Juni kutentha kumafika madigiri 40. Kuyambira Julayi mpaka Sepitembala ndi dzinja lawo: mtsinje umadzaza, mapiri amagumuka n'kutseka misewu, ndipo mvula ikamatha udzudzu umafalitsa matenda a dengue. Mu Disembala ndi Januwale usiku kumazizira kuposa ku Dedza mu Juni, pamene zipinda zambiri zotsika mtengo zilibe chotenthetsera. Nyengo yabwino kwa ana ndi okalamba ndi Okutobala ndi Novembala, kapena Febuluwale ndi Malichi.

Palinso masiku a zikondwerero. Chaka chilichonse mu Julayi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti kumachitika ulendo wa Kanwar, pamene anthu mamiliyoni ambiri, makamaka anyamata ovala zofiirira, amadzatunga madzi a Ganga n'kuwanyamula pamapewa wapansi kupita nawo ku akachisi a Shiva kwawo. Misewu ikuluikulu imatsekedwa ndipo galimoto zimazungulira kutali. Chikondwerero chachikulu koposa ndi Kumbh Mela, chimene chimazungulira mizinda inayi, Haridwar, Prayagraj, Nashik ndi Ujjain. Ku Haridwar chinachitika mu 2010 ndi mu 2021.

Khamu lotere lili ndi mbiri yake ya matenda. Mu 1867 kolera inabuka pa msonkhano wa ku Haridwar, ndipo obwerera kwawo anaifalitsa kumpoto konse kwa India. Wa mu 2021 unachitika Covid-19 ili pachimake. Ngozi ina ndi kupondana: mu Julayi 2025 anthu anafa pa masitepe okwerera kukachisi wa Mansa Devi, paphiri loyang'ana mzinda wa Haridwar. Ngati mwapezeka pakati pa anthu othithikana, musalimbane ndi kumene khamu likulowera, ikani manja pachifuwa kuti muzipuma bwino, nyamulani mwana, ndipo pang'onopang'ono sunthirani m'mbali.

Amene angochitidwa opaleshoni, amene aikidwa impso yatsopano kapena akulandira mankhwala a khansa asapite dokotala asanavomere. Thupi lawo silinabwerere mphamvu zolimbana ndi tizilombo. Chimodzimodzinso, wina akakuuzani kuti mupitirire kumapiri mpaka ku Kedarnath, dziwani kuti kachisiyo ali pa mamita 3,583, pamwamba kuposa nsonga ya Sapitwa imene ili pa mamita 3,002, ndipo makilomita 16 omaliza ndi okwera wapansi kapena pa bulu. Wa vuto la mtima, mphumu kapena kuthamanga kwa magazi asayerekeze. Kumeneko n'kumene madzi osefukira anapha anthu masauzande mu Juni 2013.

Kodi mugona kuti?

Malo ogona alipo a mitundu itatu, ndipo kusiyana kwake si kwa mtengo wokha.

Dharamshala ndi nyumba zomangidwa ndi anthu achifundo kapena mabungwe a mitundu yosiyanasiyana kuti apaulendo wachipembedzo azigona motsika mtengo. Chipinda chimakhala ndi bedi, ndowa yosambira ndi chimbudzi chonyonyomala. Zina zimalandira anthu a mtundu wa eni ake okha, zina sizilandira alendo akunja konse.

Ashram ndi mudzi wa mphunzitsi ndi ophunzira ake. Malo amakhala aukhondo, chakudya chimaperekedwa pa nthawi yake, chipata chimatsekedwa usiku ukangoyamba. Koma wogona pamenepo amatengedwa ngati wabwera kudzaphunzira, ndipo m'malo ambiri amayembekezeka kukhala nawo pa mapemphero a mbandakucha, pa nyimbo zotamanda milungu ndi pa maphunziro a kusinkhasinkha. Si bwino kulandira chipinda chotsika mtengo kenaka n'kumazemba zimene eni nyumba anachimangira. Kutero n'kuwadyera masuku pamutu. Funsani poyera musanalipire. Ngati mapempherowo ndi okakamiza, thokozani ndipo kafuneni kwina.

Kwa banja la Chiadiventisiti, hotela wamba kapena nyumba ya alendo ndiyo yopatsa mtendere. Mumatseka chitseko, n'kuimba ndi kuwerenga Baibulo popanda kukhumudwitsa munthu. Ambiri amapeza kuti n'kwabwino kugona ku Rishikesh n'kupita ku Haridwar masana okha. Sankhani chipinda chotalikirako ndi kachisi, chifukwa mabelu ndi zokuzira mawu zimayamba kusanache. Onani ngati mawindo ali ndi sefa yotchinga udzudzu ndi anyani. Kulikonse kumene mugone adzakufunsani pasipoti ndi viza, popeza lamulo limafuna kuti mwini malo adziwitse boma za mlendo wakunja pasanathe maola 24. Malo amene sakufunsani pasipoti akukaikitseni.

Ndipo kamba wa pa ulendo uja, usipa wouma, kapenta kapena nyama yofutsa, musiyeni ku Delhi. Kulowa naye m'nyumba ya Mhindu wa kuno kuli ngati munthu kubwera ndi nyama ya nkhumba m'khitchini mwanu.

Za m'mbale

Chakudya cha tsiku ndi tsiku chimatchedwa thali: mbale yaikulu yachitsulo yokhala ndi mpunga, chapati, ndiwo zamasamba, chambiko ndi dal. Dal ndi nyemba zoswa zophikidwa mpaka kusanduka chipere. Mtundu umodzi wotchuka, toor dal, ndi nandolo yemweyu wa ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Dziko la India limagula nandolo wathu wambiri, ndipo mu 2021 maiko awiriwa anasainirana pangano la matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu. Mudzapezanso mphodza, tchana, therere lobala, mabiringano, maungu, sipinachi ndi mbatata ya kachewere. Malo ena odyera saika anyezi kapena adyo, chifukwa amakhulupirira kuti zimenezi zimasokoneza mtima wa wopembedza.

Pali chimene amayi athu angatengeko. Kumeneko nyemba sizisowa pa chakudya chilichonse, ndipo zimadyedwa pamodzi ndi tirigu kapena mpunga. Kuphatikiza kotereku kumapatsa thupi zomanga zokwanira popanda nyama. Nandolo amene ife timagulitsa kwa mavenda pa mtengo wolira, iwo amamuswa, kumuchotsa makoko ndi kumuphika ndi tomato, jinja ndi tameriki, ana n'kukula naye.

Komabe chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kusadya nyama pakokha si thanzi. M'misewu ya Haridwar mumanunkhira puri ndi kachori zokazinga m'mafuta obwerezabwereza, jalebi woviikidwa m'madzi a shuga, ndi maswiti a mkaka. Tiyi wawo, chai, amamwedwa kangapo patsiku ali ndi shuga wambiri. Kafukufuku wa bungwe la boma loona zachipatala ku India, wofalitsidwa mu 2023, anapeza kuti anthu pafupifupi 101 miliyoni m'dzikomo ali ndi matenda a shuga. Phunziro limeneli ndi lathunso, ife amene timasiya nyama koma n'kudzaza mbale ndi mandasi, tchipisi ndi zakumwa zotsekemera.

Pemphani chapati chosapaka mafuta a mkaka otchedwa ghee, dal wamba ndi masamba, ndipo nenani kuti achepetse tsabola, makamaka ngati muli ndi zilonda za m'mimba. M'malo mwa tiyi pemphani mkaka wowiritsa kapena madzi otentha a mandimu. Chenjezo limodzi lalikulu, makamaka kwa achinyamata: ngakhale mowa ndi woletsedwa, chamba chilipo. Ena mwa anthu oyendayenda ovala zofiirira amachisuta poyera, ndipo chimasakanizidwanso m'chakumwa cha chambiko kapena m'maswiti pa dzina lakuti bhang. Mukamva dzina limeneli, kapena wogulitsa akanena motsinzinira kuti chakumwa chake ndi chapadera, kanani.

Madzi, mtsinje ndi anyani

Mudzaona anthu akumwa madzi a Ganga m'manja ndi kudzaza zigubu zopita nazo kwawo. Kwa iwo ndi madzi oyera mwauzimu. Koma m'mphepete mwa mtsinjewo muli mizinda, ndipo anthu masauzande amasambamo tsiku lililonse. Musamwe. Imwani madzi owiritsa kapena a m'botolo lomata bwino, ndipo gwiritsani omwewo potsuka mano. Pewani ayisi, zipatso zosendasenda za m'mbali mwa msewu ndi masamba osaphika. Nthochi, malalanje ndi mapapaya osenda nokha ndi abwino. Nyamulani mapaketi a ORS. Akakutherani, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Wotsegula m'mimba akayamba kuchita magazi, kutentha thupi kapena kulefuka, pitani naye kuchipatala. Ku Rishikesh kuli chipatala chachikulu cha boma cha AIIMS, ndipo nambala ya ambulansi ndi 108.

Mtsinjewo sufanana ndi nyanja ya ku Mangochi. Madzi ake amachokera ku chipale cha m'mapiri, ndi ozizira kwambiri ndipo amathamanga ngakhale pamwamba pakuoneka bata. Pa Har ki Pauri anamangirira maunyolo kuti osamba azigwira. Ku Rishikesh anthu amamira chaka ndi chaka, ambiri a iwo achinyamata odziwa kusambira amene anatsetsereka pamwala akudzijambula. Mwana asachoke m'dzanja lanu pamasitepe onyowa.

Anyani ndi ambiri pamilatho ndi m'njira zopita ku akachisi. Amalanda zakudya, magalasi ndi mafoni. Musawadyetse, musawayang'ane m'maso, ndipo akagwira thumba lisiyeni. Agalu oyendayenda nawonso ndi ochuluka, ndipo India ndi limodzi mwa maiko amene chiwewe chimapha anthu ambiri. Nyani kapena galu akakulumani kapena kukukalani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo pitani kukabayitsa katemera tsiku lomwelo. Ng'ombe zimayenda mwaufulu m'misika ndi pamilatho. Zipatukireni, musazimenye.

Dzuwa likamalowa

Madzulo alionse, dzuwa likamalowa, ansembe amaima m'mphepete mwa mtsinje atanyamula nyale zamoto zamkuwa n'kumazizunguza, mabelu akulira, khamu likuimba. Mwambo umenewu umatchedwa aarti. Umachitika pa Har ki Pauri ku Haridwar, ndi pa Triveni Ghat ndi Parmarth Niketan ku Rishikesh. Anthu amayandamitsa pamadzi timbale ta masamba tokhala ndi maluwa ndi kamoto. Otsatsa maulendo amaunena ngati chionetsero, koma eni ake amadziwa kuti ndi pemphero kwa mtsinje.

Apa ndi pamene mlendo amafunika kudziwa malire. Kuvula nsapato pamene eni amavula ndi ulemu. Kuvala zofika m'mawondo ndi zophimba mapewa ndi ulemu. Kupereka ndi kulandira ndi dzanja lamanja, kusajambula amayi akusamba kapena banja lothira phulusa, kukhala chete ena akupemphera, zonsezi Mkhristu ayenera kuchita kuposa wina aliyense. Koma kuyandamitsa kamoto, kudutsitsa manja pamoto wa wansembe n'kudzisisita kumutu, kugwadira fano, kubwereza mawu amene wansembe akukuuzani, kumeneko ndi kupembedza. Munthu akabwera kuti akuikeni kadontho kofiira pamphumi kapena akumangeni ulusi padzanja, ikani dzanja pachifuwa, mwetulirani n'kunena kuti nahin, dhanyavad, kutanthauza ayi, zikomo. Mukawonjezera kuti main Isai hoon, ndine Mkhristu, ambiri amamvetsa. Moni wamba ndi namaste. Wina akakupatsani moni wotchula dzina la mulungu wake, muyankheni ndi namaste yemweyo.

Dziwaninso kuti si malo onse amene ali otseguka kwa aliyense. Malamulo akale a mzinda wa Haridwar amaika malire kwa anthu amene si Ahindu pa Har ki Pauri, ndipo bungwe loyang'anira dokolo, Ganga Sabha, limawakumbutsa. Werengani zikwangwani, funsani, ndipo akakuletsani bwererani osatsutsa. Mtsinje umaoneka bwino lomwe muli pamlatho kapena kutsidya.

Chovuta kwambiri ndi prasad, maswiti kapena zipatso zimene zaperekedwa kwa mulungu kenaka n'kugawidwa kwa anthu. Wokupatsani amakhala akukufunirani madalitso, ndipo nthawi zina ndi mnzanu amene wakulipirirani ulendo wonse. Mtumwi Paulo anakumana ndi funso lomweli ku Korinto. Mu 1 Akorinto chaputala 8 ndi 10 analangiza kuti chakudya cha pamsika ndi cha m'nyumba imene mwaitanidwa chidyedwe popanda kufunsafunsa, koma mukauzidwa kuti ichi chaperekedwa nsembe, muchileke, poganizira chikumbumtima cha wokuuzaniyo ndi cha ena okuonani. Njira yabwino ndi kufotokozera mnzanuyo musanafike kumtsinje, muli awiri, kuti chakudya cha kunyumba kwake mudzadya mokondwa koma cha kukachisi simulandira. Ahindu amadziwa bwino za kusala ndi zowinda, ndipo munthu wosunga lamulo la chipembedzo chake amamulemekeza. Chimene chimawawa ndi kulandira prasad kenaka n'kukamutaya m'ngalande.

Kusunga Sabata

Lachisanu, ora limene mabelu a aarti amayamba ndi lomwenso Sabata imalowa. M'dera lino dzuwa silisunga nthawi imodzi ngati kwathu: mu Disembala limalowa cha m'ma 5:20 madzulo, mu Juni cha m'ma 7:15. Nthawi ya ku India ili patsogolo pa ya ku Malawi ndi maola atatu ndi theka, choncho yang'anani dzuwa la kumene muli, osati wotchi ya kumudzi.

Konzekani Lachisanu masana. Lipiriranitu chipinda, gulani zipatso, mtedza, buledi ndi madzi, ndipo gwirizanani ndi a pahotela kuti za chakudya mudzawerengerana Sabata ikatha. Loweruka ndi Lamlungu ndi masiku amene anthu a ku Delhi amadzaza mizindayi, choncho kukhala pamalo amodzi n'kopindulitsanso thupi.

Simuli nokha monga mungaganizire. Uthenga wa Chiadiventisiti unafika ku India kudzera mwa ogulitsa mabuku mu 1893, ndipo mu 1895 mtsikana wina, Georgia Burrus, anafika ku Calcutta kudzayamba ntchito pakati pa amayi. Ku Roorkee, makilomita pafupifupi 30 kuchokera ku Haridwar, kuli sukulu ndi koleji ya mpingo wathu. Pemphani abusa anu akulembereni kalata musananyamuke, ndipo lumikizanani ndi abale a kumeneko nthawi ikadalipo. Akhristu a kumpoto kwa India amapatsana moni wakuti Jai Masih ki, kutamanda Khristu. Ngati ulendo wa ku Roorkee sutheka, chipinda chanu chikhale kachisi m'mawa, ndipo masana kakhaleni pamthunzi kumtunda kwa Rishikesh, kumene phokoso limachepa, muone mapiri ndi madzi n'kukumbutsa ana za Amene anazilenga.

Nanga yoga?

Rishikesh amatchedwa likulu la yoga, ndipo pafupifupi hotela iliyonse imatsatsa maphunziro ake. Kwathu anthu ambiri amaiona ngati masewera olimbitsa thupi chabe. Aphunzitsi a ku Rishikesh eni ake satero. Amaphunzitsa kuti kupinda thupi ndi kupuma ndi masitepe oyambirira a njira yauzimu, ndipo phunziro limayamba ndi kutha ndi mawu opatulika a Chihindu. Swami Sivananda, amene anayambitsa bungwe la Divine Life Society kumeneko mu 1936, anali dokotala asanakhale mphunzitsi wa chipembedzo, ndipo kwa iye thanzi la thupi linali wantchito wa cholinga chauzimu. Tiwamve mmene akunenera, ndipo tisalowe m'kalasi n'kumadzinamiza kuti tangobwera kudzawongola msana. Thupi silidzasowa zochita: kuyenda m'mawa m'mphepete mwa mtsinje, mpweya wa kumapiri ndi dzuwa n'zokwanira.

Lilime la mlendo

Ena angafune kunyamula timabuku kuti akagawe padoko. Musatero. Viza yokaona malo, ya kuchipatala kapena ya sukulu silola ntchito yolalikira, ndipo chigawo cha Uttarakhand chili ndi lamulo lokhwima la nkhani zotembenuza anthu, la mu 2018, limene analikhwimitsanso mu 2022. Inu mudzakwera ndege n'kubwerera kwanu, koma mkwiyo umene mwautsa udzatsalira Akhristu ochepa a m'deralo.

Izi sizitanthauza kubisa chikhulupiriro. Anthu a ku India amakonda kufunsa, ndipo adzafuna kudziwa chifukwa chimene munthu wa ku Africa sakudya nyama, sakumwa tiyi, ndipo sakugula kanthu Loweruka. Yankhani zimene mwafunsidwa, modekha. Buku la Machitidwe chaputala 19 limasimba za chipolowe cha ku Efeso, mzinda umene nawonso unkalandira apaulendo odzapembedza mulungu wamkazi. Paulo anakhalako zaka zoposa ziwiri, koma mlembi wa mzindawo anachitira umboni pamaso pa khamu kuti anzake a Paulo sanabe za m'kachisi ndipo sananyoze mulungu wawoyo. Ana anu amve zomwezo kwa inu. Mukamawafotokozera kuti madzi a mtsinje sangachotse tchimo, koma mwazi wa Yesu wokha, afotokozereninso kuti anthu aja ayenda masiku ambiri chifukwa akumva kulemera kwa tchimo ndi kuwawa kwa imfa, monga momwe ife timamvera. Munthu wotere sasekedwa.

Zobwera nazo kumudzi

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Wopita ku Haridwar ndi Rishikesh maso ali otseguka amabwerako ndi mafunso a pakhomo pake. Amaona mwamuna wabereka mayi ake okalamba kumsana kutsika nawo masitepe. Amaona mabanja olemera akuphika miphika ikuluikulu n'kudyetsa aliyense wodutsa, osafunsa dzina. Amaona anthu atadzuka kusanache, kukuzizira, chifukwa cha pemphero. Kodi ife amene timati tili ndi kuunika kwakukulu, mapemphero a m'mawa pakhomo pathu akadalipo? Agogo athu timawatengera kumisonkhano ya misasa, kapena timawasiya kuti azilondera nyumba? Mayina a makolo athu analembedwa pati?

Ku Blantyre ndi ku Lilongwe kuli akachisi a Ahindu, ndipo ambiri a ife tagulapo, tagwirapo ntchito kapena kuphunzira limodzi ndi anthu a chipembedzo chimenechi kwa zaka zambiri osadziwa chimene chili mumtima mwawo. Mukadzamva kuti mnansi wanu wa ku Limbe wapita ku India ndi phulusa la bambo ake, mudzadziwa masitepe amene akukaimapo. Akabwerako, pitani mukamupepese monga timachitira pa maliro alionse, mutanyamula nthochi kapena nandolo wa m'munda mwanu.